Tsiku Limene a NyaMsiska Anavala Njoka Kumutu

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni m'manda a NyaMsiska, amene ife a ku Area 23 tinkangowatchula kuti a Madamu. Abale awo ankafuna kuti thupi lipite kwawo ku Rumphi, ndipo lole inali itapezeka kale. Koma mwana wawo Eliza, amene ndi nesi ku Mangalande, anaimirira pasiwa n'kunena zimene mayi ake anamuuza ali m'chipatala: iwo si belo la fodya loti lizikwezedwa pa lole, anakalambira mu Lilongwe, anakangana ndi anthu a mu Lilongwe, ndiye agona konkuno kuti adani awo asavutike mayendedwe pobwera kudzatsimikiza. Anthu anaseka, ena akubisa nkhope m'chitenje. Alongo awo, a Msiska, amene ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu, sanaseke. Anangoti, "Ngakhale ali m'bokosi akutsutsabe," n'kupita kukauza wa lole uja kuti azipita.

Ine ndine Lute, ntchito yanga ndi yoluka tsitsi. Ndinkachita lendi chipinda cha kuseri pa puloti yawo, ndipo makasitomala anga ndinkawalukira pakhonde pawo chifukwa mthunzi unali pamenepo. A Madamu sankadandaula nazo. Ankati munthu amene akulukidwa tsitsi ndiye mwana wasukulu wabwino kuposa onse, popeza sangathawe mutu uli theka.

Anali munthu wamfupi, wochepa thupi, wa magalasi omangirira chingwe m'khosi. Kulikonse ankayenda ndi ambulera yakuda, kaya ndi mu Okutobala. Ntchito ya ambulerayo sinali mvula ayi. Ankalozera nayo munthu, ankagogodera nayo pa geti, ndipo makondakitala a minibasi za m'tauni ankaidziwa bwino. Wina akati, "Agogo, sunthani pang'ono tikhale anayi," iwo ankamenyetsa nsonga ya ambulera pansi n'kuti, "Yayi!" Limenelo linali liwu la kwawo limene sanalisiye, ngakhale Chichewa ankachilankhula kuposa ife eni ake. Akanena "yayi" nkhani inkathera pomwepo.

Sindinganame kuti anali munthu wofewa. Anaphunzitsa Chingerezi ku sekondale mpaka kupuma, ndipo choko sichinawachoke m'manja. Ankakonza Chingerezi cha abusa pakhomo la tchalitchi anthu akumva. Buku sankabwereka munthu amene amanyambita chala potsegula masamba. Tsiku lina anamuliritsa kasitomala wanga pomuuza kuti mwamuna amene ankamulukira tsitsi lodulalo sankayenera ngakhale chipeso. Mawu oti pepani sindinawamvepo pakamwa pawo. Akadziwa kuti akulakwira, m'mawa unkangopeza mbale ya mbatata yophika pakhomo, yovundikira bwino, iwo ali chikhalire pampando wawo ngati sakudziwa kanthu.

Za nthano za Agiriki akale ndinazimvera pakhondepo. A Madamu ankati ali mphunzitsi ankaziwerengera ana kuchokera m'buku lina lakale, lodzaza ndi amuna amphamvu, zombo, mikondo ndi milungu yokhala paphiri. Akazi m'bukumo analimo, koma ngati katundu wa m'nyumba: wina wabedwa, wina waperekedwa mphatso, wina waphedwa kuti mphepo iwombe zombo ziyende. Ndiyeno atapuma ntchito, Eliza anayamba kuwatumizira mabuku atsopano kudzera mwa anthu obwera kumudzi. Anali mabuku a nkhani zopeka olembedwa masiku ano, ambiri ndi akazi, ofotokoza nthano zomwe zija koma wolankhula ali mkazi amene kale ankangotchulidwa mongodutsa.

Loyamba litafika, a Madamu anapsereza nyemba pa mbaula. Utsi unadzaza puloti yonse iwo ali duu ndi buku. Nditathamanga kukaphula poto, anangokweza mutu n'kuti, "Lute, siya nyembazo. Khala apa."

Tsiku limenelo ndinkaluka mayi wina amene amuna ake anapita ku Joni kalekale. A Madamu anatifotokozera za mkazi wa mfumu amene mwamuna wake anapita kunkhondo n'kukhala zaka zambirimbiri osabwera. Amuna ena anadzaza pakhomo kumufunsira. Iye anawauza kuti adzasankha akamaliza kuluka nsalu, koma zimene waluka lero ankazimasula mobisa kuti nsaluyo isathe.

"Ameneyo ndiye mkazi," anatero kasitomala wanga. "Wodikira."

"Ifenso tinkaphunzitsa choncho," anayankha a Madamu. "Nanga bamboyo, zaka zonsezo anali kuti? Nkhondo inatha kale. Anali pa zilumba, kwa akazi ena, akudya bwino. Pofika kwawo anamuimbira nyimbo. Ndiye buku ili lafunsa mayiyo kuti, inu mayi, munkadikira chifukwa cha chikondi, kapena munkateteza nyumba ndi mwana wanu ku afisi aja? Mukudziwa wayankha chiyani?"

"Wati bwanji?"

"Bwerani Loweruka mudzamve. Ndikadali pakati."

Mayi uja anabweradi Loweruka, tsitsi lake lili bwinobwino, atatenga ndi mnzake. Umu ndi mmene zinayambira. A Madamu ankawerenga m'Chingerezi chamumtima, n'kumatiuza m'Chichewa, ndipo akafika pamene sanagwirizane napo ankatseka buku n'kuyamba kukangana ndi wolemba ngati ali pomwepo. Buku lina analiponya pansi. Ankati wolemba ameneyo sanaimepo pa mzere wa madzi ku kiyosiki, n'chifukwa chake akapolo ake akulankhula ngati anthu a ku yunivesite. Lina ankalidandaula kuti lamusandutsa mkazi woipa kukhala mngelo. Iwo sankafuna angelo. Ankati mkazi asachite kuyeretsedwa kaye kuti amvedwe. Amvedwe ndi ukali wake womwewo.

A Msiska nkhani zimenezi zinkawanyansa. Ankabwera Lamlungu masana, atavala jekete, n'kuima pa geti osalowa.

"Achemwali, anthu akulankhula. Mkazi wachikhristu, wamkulu ngati inu, kumasonkhanitsa azimayi n'kumawauza za milungu yachikunja?"

"Achimwene, milungu imeneyo sindiipembedza. Ndimangoonerera mmene imaweruzira milandu. Imandikumbutsa anthu ena amene ndimawadziwa."

"Mukunena ndani?"

"Lowani mumwe tiyi, mwina mudzizindikira."

Chakumapeto maso awo anafooka, magalasi osathandizanso. Amene ankawawerengera anali Towera, mwana wake wamkazi akusewera ndi zipeso zanga pansi. A Madamu ankamudzudzula katchulidwe pa mzere uliwonse, Towera n'kumangoti, "Madamu, mukufuna nkhani kapena mayeso?" Palibe wina aliyense amene akanawayankha motero. Kuti mumvetse chifukwa chake, ndibwerere m'mbuyo zaka zingapo.

Towera anali mtsikana wamasiye wa zaka pafupifupi makumi awiri, wokhala ndi azakhali ake kumunsi kwa msika. Ankaimba kwaya, ndipo Loweruka ankasesa m'tchalitchi. Woyang'anira kwayayo anali Yotamu, bambo wapabanja, wa mawu okoma, wochokera ku banja limene linathandiza kwambiri pofolera tchalitchi. Loweruka lina anamupeza Towera yekha m'kachipinda ka kumbuyo kosungiramo mayunifolomu ndi matsache, n'kutseka chitseko. Towera sanauze munthu. Patapita miyezi mimba inaonekera.

Akuluampingo anamuitana. Iye ananena zonse, ndi dzina lomwe. Yotamu anaika dzanja pachifuwa n'kulumbira kuti mtsikanayo ndi amene ankamutsatatsata, iye n'kumamukana. Anamufunsa Towera kuti bwanji sanakuwe, bwanji sananene tsiku lomwelo, ndani anaona. Mapeto ake anamuika pa chilango: asaimbenso kwaya, asadye mgonero, ndipo azikhala pa benchi ya kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, pamene amakhala anthu olakwa. Yotamu Lamlungu lotsatira anali kutsogolo, akugwedeza manja, kwaya ikuimba.

Zimene zinandipweteka ine zinali za azimayi anzanga. Ku kiyosiki ankati mtsikana ameneyo ali ndi maso oipa, mwamuna akangomuyang'ana nzeru zimatha. Ena ankakoka amuna awo malaya akakumana naye pamsewu. Towera anasiya kuyenda masana. Kwa ine anabwera m'mamawa, anthu asanayambe kudutsa, kuti ndimumasule tsitsi limene linali litakhalitsa. A Madamu anatuluka ndi kapu ya tiyi, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anakoka mpando.

"Mwana wanga, akulu aja anakufunsa mafunso awo. Ine ndilibe funso. Ngati ukufuna kunena, nena kuyambira pamene ukufuna."

Towera analankhula ine ndikumasula, misozi ikugwera pa chitenje. A Madamu sanamudule mawu ngakhale kamodzi, chinthu chimene sindinachionepo. Towera atamaliza, a Madamu anamuuza za kupolisi. Towera anakana: azakhali ake anali atamuuza kuti akakangoipititsa nkhaniyi kunja kwa mpingo, atenge zovala zake azipita. Madzulo ake a Madamu anatenga ambulera kupita kwa alongo awo. Anabwerako msanga. A Msiska anawauza kuti nkhaniyo inaweruzidwa kale, ndipo mpingo sungagawanike chifukwa cha mtsikana mmodzi.

Chaka chilichonse kutchalitchi kwathu kumakhala Lamlungu la amayi, pamene azimayi amatsogolera mapemphero onse. Sewero la tsikulo ankakonza ndi a Madamu, nthawi zonse lochokera m'Malemba. Chaka chimenecho anamuitana Towera n'kumufotokozera nthano ina ya Agiriki, ya mkazi wa tsitsi la njoka, imene anali atangoiwerenga m'buku latsopano. Kenako anamufunsa ngati angawalole kuichita pamaso pa mpingo.

"Ukakana, ndisiya. Nkhaniyi ndi yako, si yanga."

Towera anati, "Dzina langa musalitchule. Koma ine ndikakhalapo. Ndikufuna ndikaone nkhope zawo."

Azimayi amene ankayenera kuchita nawo sewerolo atamva mmene nkhani ikuyendera, anayamba kudwala mmodzimmodzi. Wina mutu, wina alendo, wina amuna ake akana. A Madamu anati palibe kanthu, achita okha. Ine anandituma kuti ndiwapangire chovala cha kumutu. Ndinatenga meshi yakuda, ndinalowetsa waya m'kati mwa chingwe chilichonse kuti chiziima chopindika, ndinasokerera timikanda ngati maso ndi tinsalu tofiira ngati malilime. Nditamaliza ndinachiopa ndekha.

"Madamu, atinena ufiti."

"Yayi! Atinena kale zambiri. Onjeza njoka ziwiri kutsogoloku, ndikufuna za pamphumi ziziyang'ana akuluampingo."

Tsikulo tchalitchi chinadzaza. Itakwana nthawi ya sewero, a Madamu anakavalira m'kachipinda komwe kaja. Chitseko chitatseguka, ana anakuwa n'kuthawira kwa amayi awo. Nkhalamba yaifupi ija inatuluka pang'onopang'ono, itavala nsalu yoyera, njoka zikugwedera kumutu, ambulera m'manja. Anaima pakati, n'kudikira mpaka phokoso litatha.

"Mukundiopa," anayamba choncho. "Chabwino. Koma ine sindinabadwe chonchi. Ndinali mtsikana wa tsitsi labwino, ndinkatumikira m'nyumba yopemphereramo ya kwathu. Ndinkasesa, ndinkakonza maluwa. Tsiku lina wamkulu wina, mmodzi wa milungu ya kwathuko, anandipeza ndekha m'nyumbamo. Ndinakana. Sanamve. Eni nyumba atadziwa anakwiya kwambiri kuti malo oyera adetsedwa. Ndiye mukuganiza analanga ndani? Uja anali wamkulu, wa pachibale ndi oweruza. Anabwerera kunyanja kwake akuimba. Ine ndi amene anandiveka izi."

Ndinayang'ana kumbuyo. Towera anali atakhala tsonga pa benchi yake, manja pamimba, maso kutsogolo.

"Kenako anafalitsa mbiri yoti aliyense wondiyang'ana amasanduka mwala. Anthu anayamba kundilambalala. Azimayi anzanga ankaphimba amuna awo m'maso. Mapeto ake anatuma mnyamata kuti akandidule mutu. Anabwera chammbuyo, akuyang'ana pa chishango chake ngati pagalasi, chifukwa kundiyang'ana m'maso sakanatha. Anandipeza ndili m'tulo. Mpaka lero amamuimbira nyimbo kuti ndi ngwazi. Ine palibe anandifunsapo kuti, mayi, chinachitika n'chiyani? Ndiye lero ndabwera ndekha. Ndiyang'aneni. Palibe asanduke mwala muno, kupatula amene anali mwala kale."

Anavula chovala chija n'kukachiika patebulo la akuluampingo, njoka zikuyang'ana kwa iwo. A Msiska anaimirira.

"Achemwali, zakwana. Khalani pansi."

"Ndikhaladi, achimwene."

Malo awo anali pa benchi yoyamba, pakati pa amayi akuluakulu a mpingo. Anaidutsa. Anayenda kanjira ka pakati konse, ambulera ikugogoda pa simenti, mpaka kumbuyo. Anamuuza Towera kuti asunthe pang'ono, n'kukhala pambali pake, chakukhoma.

Amayi otsogolera mapemphero, posowa chochita, anaitana kwaya. Yotamu anapita kutsogolo n'kukweza dzanja. Anyamata anaimirira. Mwa atsikana, ena anaimirira, koma angapo anakhalabe pansi, maso ali pa iye. Nyimbo inayamba yopanda mawu a pamwamba, inayenda pang'ono, n'kufera m'njira.

Sabata yomweyo a Madamu anaitanidwa. Anawauza kuti apepese pamaso pa mpingo chifukwa cholowetsa zachikunja m'nyumba ya Mulungu. Iwo anafunsa kuti chimene chadetsa nyumbayo ndi meshi ya Lute kapena zimene zinachitika m'kachipinda kaja. Akuluampingo anawaika pa chilango. Pobwera a Madamu anandipeza ndikuluka, n'kuti, "Andilamula kuti ndizikhala pamene ndakhala kale."

Anthu ena anasiya kuwapatsa moni. Azimayi a Loweruka aja anachepa, ndipo ine ndinataya makasitomala angapo. Koma pasanapite nthawi, amayi awiri anabwera paokhapaokha, aliyense ndi mwana wake wamkazi wa mu kwaya, kudzakhala pakhonde paja n'kunena zimene ankazisunga. Atamva zimenezo Towera anati tsopano apita kupolisi, azakhali afune asafune. Azakhaliwo anamuthamangitsadi, ndipo Towera anadzakhala m'chipinda chimene chinali cha Eliza. Tsiku lopita kupolisi a Madamu anatsogola ndi ambulera yawo. Koma wina anali atamutsina khutu Yotamu. Pamene apolisi ankafika kwawo anapeza atachoka, ndipo tinangomva kuti ali ku Joni. Sanaimepo pa bwalo la milandu mpaka lero.

N'chifukwa chake a Madamu sankalola kuti munthu awayamikire za tsiku lija. Wina akati munagonjetsa, ankakwiya. Ankati wagonja ndani, munthu akudya bwino kunja, mwana akukula osadziwa kuti adzamuuza chiyani? Chilango chawo ndi cha Towera chinadzachotsedwa mwakachetechete, popanda wonena kuti tinalakwitsa. Amayi a mpingo anabwera kudzawauza kuti malo awo kutsogolo akuwadikira. Yankho munalidziwa kale. Sanabwererenso kutsogolo.

Ndi alongo awo anakhala nthawi yaitali osalankhulana, kumangoonana pa maliro. A Msiska anadzabwera kuchipatala masiku omaliza, chipewa m'manja. Ine ndinalipo, ndikuwapesa a Madamu imvi zawo.

"Mwabwera kudzapepesa kapena kudzapemphera?"

"Kudzapemphera, achemwali."

"Pempherani msanga. Mukatha mukapepese. Osati kwa ine, ine ndine mlongo wanu, ndinakuzolowerani."

A Msiska anapemphera. Ngati anakapepesadi sindikudziwa. Towera, amene pano akuphunzira za magetsi ku sukulu ya ntchito zamanja, ndinamufunsapo. Anangoti a Msiska anabwera tsiku lina, anaima pa geti nthawi yaitali, anafunsa dzina la mwana, n'kubwerera.

Mabuku aja anawagawa okha asanapite kuchipatala, lililonse kwa munthu amene ankati likumuyenera, ndi chenjezo loti akadzalipinda ngodya adzamulota. Mpingo wathu sunasinthe kwambiri. Atsikana amatumizidwabe ku benchi ya kumbuyo, anyamata awo ali pakati pa anthu. Chimene chinasintha n'chakuti benchiyo masiku ano imadzaza msanga. Timakhalapo ine, Towera ndi mwana wake, amayi awiri aja, mayi wa amuna a ku Joni uja, ndi ena amene sindikudziwa chimene chinawabweretsa. Mlendo akalowa sangadziwe kuti wolangidwa ndi uti. Akuluampingo anayesapo kutiuza kuti tisunthire kutsogolo, malo alipo ambiri. Tinawathokoza, n'kukhalabe.

Ndi benchi yoipa. Mwendo umodzi ndi waufupi, tinachita kuikira chidutswa cha njerwa. Fumbi la pamsewu limalowera pomwepo, ndipo mu Juni mphepo ya pakhomo imakupweteka m'mawondo. Timapanikizana, ana pamiyendo, zikwama pansi. Koma kumapeto kwake, chakukhoma, pamatsala malo okwana munthu mmodzi wochepa thupi. Palibe anapangana kuti pazikhala choncho. Pakhomapo pali mzere wakuda pamene ankatsamiritsa ambulera, ndipo opaka laimu chaka chino anaulambalala. Lamlungu lapitali kunabwera mtsikana watsopano, wa mimba yongoyamba kuoneka, maso ali pansi. Anaona malo aja n'kufuna kukhalapo. Towera anamugwira dzanja, anasuntha, n'kumukhazika pakati pathu.